Nsupa Pakhomo la Tchalitchi

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa poteteza mbiri ya oyera mtima, munali mpingo wa anthu osaopa kanthu. Lamulungu lililonse ankaimba mpaka malata kunjenjemera, kuti Mulungu wawo sagona, amachiritsa, ndipo ufiti kwa Iye ndi masanje chabe. Mtsogoleri wawo anali Mtumwi Wamkulu, Mneneri, Dokotala Efraimu Chidothi, amene ankati ziwanda zikangomva kugunda kwa nsapato zake zimasamukira boma lina.

Kutsidya kwa dambo kunkakhala sing'anga wotchedwa Kamtedza. Nyimbozo zinkamufika bwinobwino, ndipo mwatsoka ankazikhulupirira. Mkazi wake Nankhoma atadwala mwakayakaya, mizu yonse n'kukanika, bamboyo anagwidwa mantha kuti amutaya. Lamulungu m'mawa anamukweza panjinga n'kupita naye kutchalitchi kuti akamupempherere. Poona kuti si ulemu kulowa m'nyumba ya Mulungu ndi zida za ntchito, anasiya nsupa yake pakhomo, n'kukakhala mkati kudikira eni ake.

Eni ake anafika, Mabaibulo ali m'khwapa. Woyamba kuiona nsupayo anali Mayi Esinati, wapampando wa amayi.

"Mayo ine! Atitchera!"

Mpingo wonse unabwerera chafutambuyo. Ngakhale wosuzumira pawindo sanapezeke, ndipo Kamtedza mkatimo, maganizo ali pa mkazi wake, sanamve phokosolo.

"Musaope, ana anga!" anakuwa Mtumwi, ali kuseri kwa mtengo wa mango. "Kanthu aka n'kochepa. Akulu a mpingo, kachotseni."

"Atate, kudzoza kuli pa inu," anayankha akuluwo modzichepetsa kwambiri.

"Kudzoza kulipo, koma lero ndikusala kudya. Mawondo alibe mphamvu."

Basi mapemphero anaimitsidwa pa zifukwa zauzimu. Aliyense anachoka payekha, wina ati akaone wodwala, wina ati waiwala kumasula mbuzi. Koma zodabwitsa za m'mudzimo! Tinjira tonseto tinakathera pabwalo la Kamtedza, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa njira. Paja mbewa yamanyazi idafera kuuna.

"Atate, nanunso muli kuno?" anafunsa Mayi Esinati.

"Ndabwera kudzamulalikira. Nanga inu, mayi?"

"Inenso chimodzimodzi."

Anakhala pamzere, mpingo wathunthu, kudikira kulalikira munthu mmodzi.

Kutchalitchi kuja dzuwa linafika pamutu, Nankhoma akupuma movutikira. Kamtedza misozi inalengeza. Anagwada monga ankamvera kuti Akhristu amachitira.

"Inu Mulungu, ine mawu ake sindiwadziwa. Anthu anu achedwa. Mkazi wanga ndi uyu, ndilibenso wina."

Kaya zinayenda bwanji kumwambako, ife sitinaliko. Chomwe tikudziwa n'chakuti Nankhoma anatsegula maso, n'kudandaula kuti benchi ikumupweteka msana, n'kupempha phala.

Kamtedza anatola nsupa yake, n'kumukweza mkazi wake panjinga, n'kupalasa akuimba nyimbo za mpingo zomwe zija. Atafika kwawo n'kupeza mpingo wonse pabwalo, mtima wake unadzaza chimwemwe.

"Anthu a Mulungu, mwachita kunditsatira! Nsupa ija ndi iyi, ndinaisiya pakhomo panu ndine. Zimene mumaimba zija n'zoona. Itentheni, ndipo mundibatize lero lomwe!"

Mayi Esinati anayang'ana akulu a mpingo, akuluwo n'kuyang'ana Mtumwi. Mtumwi Wamkulu, Mneneri, Dokotala Chidothi anakonza tayi, anamugwira Kamtedza padzanja, n'kupita naye kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene," ananong'ona, "zinthu izi sitipupuluma nazo. Inu mukabatizidwa, ife tizipita kuti?"