Khoswe wa m'Kompyuta ya a Kamphinda

Inu ana, tabisani kaye mafoniwo. Mwandifunsa za mwambi uja wa khoswe ndi mkhate, ndiye tcherani khutu ndikuuzeni mmene unayambira. Ena adzakunamizani kuti ndi wa makolo akalekale. Asiyeni, ku Mponela kunalibe iwowo.

Kumeneko kunali a Kamphinda, bambo amene anakalambira m'chigayo. Injini ya dizilo ankaidziwa ngati mwana wobereka okha, ndipo matenda awo anali omwewo: chilichonse cholira, kwa iwo chinali chigayo. Mwana wawo Limbani, popita ku Joni, anawasiyira kompyuta ya patebulo, zija za chibokosi ndi sikirini yakeyake. M'menemo munali chinthu chimene sakanasinthanitsa ngakhale ndi ng'ombe: kanema wa malemu amayi awo akuvina chimtali paukwati wa mdzukulu, akuseka, mano awiri amene anatsala ali mbee. Kanemayo kwina kulikonse kunalibe. Tsono Loweruka la sabata imeneyo kunali mwambo wa chiliza cha malemuwo, ndipo a Kamphinda anali atalonjeza abale onse kuti adzawaonanso akuvina.

M'mawa wina mkati mwa sabatamo anadina batani kuti ayeserere. Fani inalira, kanyali kanayaka, koma sikirini inangoti bii. Kenaka inatulutsa timawu toyera tachizungu n'kuima pomwepo. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Zomwezo.

"Bambo a Limbani, tiyeni tiitane Falesi," anatero akazi awo, Nangondo. Falesiyo anali mng'ono wa Nangondo, ndipo ankakonza makompyuta ndi mafoni kumsika.

"Mlamu wanga uja? Kuti adzandiseke chaka chonse? Ine ndadzutsa zigayo zoti eni ake anali atazilira kale maliro. Ichi n'kachigayo kakang'ono chabe."

Anayamba monga amayambira akuchigayo. Analipatsa bokosilo makofi awiri m'nthiti, pha! pha! Osatheka. Anati mwina lamba wakhwepa, ndiye anakoka chingwe chilichonse chakumbuyo mpaka sikirini inatsala pang'ono kugwa. Osatheka. Anazula nthenga ya nkhuku, n'kuiviika m'mafuta ophikira, n'kumadontheza pafani. Fani inalira mokoma ndithu, koma timawu tachizungu tija tinali pomwepo, titangoti ndwii.

Pamenepo anaika dzanja pabokosi, n'kugwedeza mutu ngati sing'anga amene wapeza mfiti.

"Yatentha! Injini iliyonse imayendera madzi, Nangondo. Kuchigayo timaika mgolo. Kodi mzungu wopanga ichi anaiwala bwanji?"

Abale inu! Munthu wamkulu, wa imvi zake, anapita kubafa, n'kutenga mkhate wa akazi ake, n'kuudzaza madzi tho, n'kudzaukhazika pamwamba pa kompyuta kuti izizire. Atatero anakhala pampando n'kupinda manja, kudikira. Nangondo sanatsutse. Anangomanga chitenje n'kunena kuti akukagula tomato. Tomatoyo anabwera akuyenda yekha, atanyamula chikwama cha zipangizo.

"Alamu!" anakuwa Falesi ali pakhomo. "Kompyutayi mukuibatiza? Mwaipatsa dzina loti ndani?"

"Ikuzizira," anayankha a Kamphinda, maso ali kumbali.

"Chotsani msanga musanatiphe tonse ndi magetsi."

Mwamanyazi anaunyamula mkhatewo, koma poti unali wolemera, anangoukweza pawindo, pamwamba penipeni pa tebulo, madzi ali momwemo.

Falesi anawerenga timawu tija. "Siinafe iyi, alamu. Mkatimu muli kabokosi kotchedwa hadi disiki, ndiyo nkhokwe yake. Pulogalamu yoidzutsa imakhala m'menemo, amayi anu alinso m'menemo. Tsono ikunena kuti nkhokweyo sikuiona."

"Nanga ikakhala kuti nkhokweyo yapsa?"

"Ndiye kuti basi."

A Kamphinda anachita mantha enieni. Makofi aja anawakumbukira onse awiri. Mumtima anayamba kupepesa amayi awo.

Falesi anazimitsa magetsi, n'kugoneka bokosilo chammbali, n'kumasula chivindikiro. Fungo limene linatuluka m'menemo, ine sindingalifotokoze musanadye. Munali makoko a mtedza, tizidutswa ta chitenje chimene Nangondo anachisowa kalekale, ndi timanyi takuda mbwee. Khoswe anali atalowera pakabowo kakumbuyo n'kumangamo nyumba, ndipo kachingwe kopita kunkhokwe kuja anali atakatafuna mpaka kuduka.

"Mlendi wanu uyu amalipira bwanji?" anafunsa Falesi uku akusesa chisacho.

Anatulutsa kachingwe kena m'chikwama, n'kulumikiza, n'kuyatsa bokosi lili chitsegukire. Fani inalira. Sikirini inati bii. A Kamphinda anasendera pafupi. Kenaka kuwala kunabwera, tizithunzi tonse n'kufola m'malo mwake, ndipo Falesi atadina, ng'oma zinalira m'nyumbamo. Amayi aja anatulukira, mpango uli kumutu, akudula chiuno ngati mtsikana.

Misozi inangoti mbwembwembwe. A Kamphinda anagwira dzanja la mlamu wawo ndi manja awiri.

"Alamu, mwandidzutsira amayi. Ndisekeni chaka chonse, ndalola. Mulungu akudalitseni manja amenewa."

"Musathokoze msanga. Ndiyambe ndakopera kanemayu pafulashi, kankhokwe kam'thumba aka, asamakhalenso malo amodzi."

Analowetsa fulashi, kamzere kobiriwira n'kuyamba kukwawa pasikirini. Kasanafike n'pakati pomwe, mwini nyumba yogumulidwa ija anatulukira. Chikhoswe chonenepa, chosalala ndi mtedza wa eni ake, chinakwera katani n'kukakhala pamlomo pa mkhate uja, mchira uli lende, pansi pake pali bokosi lotsegula.

Mkwiyo umene unawagwira a Kamphinda sunali wamasewera. Anatola mpini wa khasu kuseri kwa chitseko, n'kuukweza mpaka kudenga.

"Ndiwe unafuna kundidyera amayi, iwe! Lero uona!"

Nangondo, amene tsiku lonse anangowaonerera akupusa, ulendo uno sanadikire. Analumpha n'kuwagwira pamkono zolimba.

"Bambo a Limbani, taonani pamene wakhala," ananong'ona. "Mukamuphonya, muswa mkhate. Mukamulasa, muswabe mkhate. Madzi onsewo agwera pati? Amayi tinawaika kamodzi. Mukufuna tiwaike kawiri?"

A Kamphinda anayang'ana khoswe. Anayang'ana mkhate. Anayang'ana pansi pake pamene panali nkhokwe ija ili pamtunda. Mpini unatsika pang'onopang'ono. Anthu atatu akuluakulu anaima chilili, osatsokomola n'komwe, kuonerera khoswe akumwa madzi awo. Anamwa mosafulumira, n'kupukuta ndevu, n'kusuzumira pansi ngati akuyendera ntchito ya Falesi, kenaka n'kutsikira kunja.

"Yatha," anatero Falesi, n'kuzula fulashi.

A Kamphinda anakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Nangondo, lero mwandipulumutsa kawiri. Zikomo, mayi. Nzeru zanga zinatsala kuchigayo."

Loweruka abale anadzaza pabwalo. Anaonera gogo wawo akuvina, ena akulira, ena akululutira, n'kumati abwerezenso. A Kamphinda anafotokoza zonse osabisa, za makofi, za nthenga, za mkhate, akutamanda akazi awo ndi mlamu wawo pamaso pa anthu. Ndiye malume awo ena, okonda milandu, anafunsa mokalipa:

"Tsono chigawenga chimenecho munachipha?"

A Kamphinda anapukusa mutu, n'kuloza fulashi imene Nangondo anali ataimangirira pansonga ya chitenje.

"Amalume, ali moyo, ndipo mwina akunenepabe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."