Ufa wakuda wa pa shopu ya fotokope

Anzanga, nkhani za eni zidzandipha ine. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga Esinta, ali ndi shopu ya fotokope pa Namitambo pompano, ndipo zaka zonsezi anali okhaokha, aphunzitsi akafuna kusindikiza mayeso ndi kwa iwo, wofuna kujambulitsa chiphaso ndi kwa iwo. Ndiye chaka chino kunabwera bambo wina wochokera ku Limbe n'kutsegula yake tsidya la msewu, makomo kuyang'anana. Posakhalitsa anthu onse ali kumeneko, alamu akungoingitsa ntchentche. Iwo ankati makina a munthuyo ndi atsopano, amatulutsa msanga, koma ine sindinakhulupirire. Makina okha angakoke anthu chonchija? Munthu woti ndi kumudzi kwake komwe sitikudziwa?

Ndinati ndifufuze ndekha. Ndinayamba kumakhala ndi amayi ogulitsa tomato pafupi ndi khomo lake, ngati ndikucheza, koma diso lili m'shopumo. Tsiku lina ndikuona bambo uja watulutsa chinthu chakuda chachitali m'mimba mwa makina, akuchigwedeza uku ndi uku ngati akutonthoza mwana, milomo ikuyenda. Mtima wanga unangoti phaa! Si nsupa imeneyo? Pofika madzulo msika wonse unali utamva kuti munthuyo amakokera makasitomala ndi mankhwala, ndipo sindibisa, unamva kwa ine.

Lachinayi tikuchokera ku mapemphero a amayi, tonse tili m'zoyera, ndinawakoka anzanga kuti akaone okha. Tinapeza mwiniwake watuluka pang'ono, pakauntala pali botolo lakuda lokulungidwa m'jumbo. Anzanga ankandiletsa, ine ayi, ndinalitenga n'kuima nalo pakhonde kuti aliyense aone, n'kuligwedeza mmene ankachitira mwiniwake muja, kenako n'kutsegula. Abale, ufa wake! Unangoti fuu, kumaso, m'mphuno, pabulauzi, duku lomwe. Poti ndipukute ndi manja ndinangodzipaka ngati wogulitsa makala, ndipo mayi wina pofuna kundithandiza anandithira madzi, zinthu zinangofika poipa.

Bambo uja atabwera anandiyang'ana, osakalipa ndi pang'ono pomwe. Anangoitana alamu tsidya lija.

"Achimwene, tona wanu uja ndabwera naye, koma amayiwa amuvala."

Ine n'kuti chiyani? Kani ufawo ndi inki ya makina, ndipo botolo limenelo linali la alamu anga. Wawo unali utatha, ndiye anapempha mnzawoyo kuti akawagulire popeza amapita m'tauni pafupipafupi. Anthu amene ine ndimawayesa adani, kani amatumana! Ndiye inali sabata ya mayeso, aphunzitsi a sukulu ina ya ku Mauwa atalonjeza kale kuti abwera kwa alamu mawa lake.

Alamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, makasitomala amene ananditsalira mwawaperekeza nokha."

Zoonadi mayeso aja anakasindikizidwa kwa bambo wa ku Limbe uja, alamu atakhala pakhonde manja ali m'khosi. Esinta sakundiyankhula mpaka lero, bulauzi yakana kuyera, ndipo ndikadutsa pamsika amayi a tomato amandifunsa ngati ndayamba kusindikiza ndekha. Ine ndalumbira, ngakhale ndione munthu akuvina ndi makina ake dzuwa likuswa mtengo, ndidzangopereka moni n'kudutsa. Kufufuza ndasiya. Kumvetsera kokha ndiye sindingalonjeze.