Denga la Udzu ku Mangalande

Lolemba

Apongozi afika Loweruka. Akazi anga, mayi a Tadala, andiuza izi akuthamangira basi ya ku Leicester, ngati akunena kuti shuga watha. Viza yatuluka, tikiti adadula kale. Miyezi itatu!

Ndaima panja, ndikuyang'ana nyumba yomwe tikuchita lendi pakamudzi aka kunja kwa Loughborough. Denga la udzu. Makoma a dothi lomata pamitengo. Mawindo ngati a khola la nkhunda. Chitseko choti bambo wa ndevu zake azilowa atawerama ngati akukapepesa mlandu.

Apongozi ake ndi omwe aja amene pa chinkhoswe ku Ntcheu adafunsa ankhoswe anga funso limodzi lokha: "Kwawoko n'kwa malata?" Sikunali kwa malata. Ndidalumbira tsiku limenelo. Ndidaphunzira zomangamanga kuyunivesite, ndidakwera ndege, ndipo taonani pomwe ndatera. Pa udzu! Tikamaimba foni ya vidiyo ndimakhala kukhitchini kokha, chifukwa ndiko kuli matailosi.

Zochita Loweruka lisanakwane:
penti wobiriwira, wowala
simenti pakhoma lakumaso
dishi ya TV pamwamba, maso azithera pa dishipo
denga: ndikuganizirabe

Lachiwiri

Ndili pamakwerero, burashi m'manja, landilodi akutulukira akuthamanga. Mkulu wa nkhosa zake, amene chilowereni sindinamuonepo akufulumira ngakhale paipi itaphulika. Lero akuthamanga ngati ndagwira mwana wake pakhosi.

"Tsikani! Nyumbayi ndi yotetezedwa ndi boma!"

Ati ili m'gulu la nyumba zakale zomwe ndi chuma cha dziko. Giredi 2. Penti ayi. Simenti ayi. Kusintha windo ayi. Ukachita dala, kukhoti. Ati zidalembedwa m'pangano la lendi. Mwina zidalembedwadi. Ine ndidawerenga mtengo, n'kuona kuti kuntchito ndiziyenda wapansi, basi.

Kwathu nyumba ikakalamba timaigwetsa, dothi lake n'kukwirira dzenje. Kuno nyumba yokalamba ili ndi ufulu woposa wanga. Ine viza ndimakapempha mobwerezabwereza, ndi zithunzi, ndi zidindo za zala. Iyo ili ndi chilolezo chokhala mpaka Yesu adzabwere.

Masana shifiti kunyumba ya okalamba. Ndikusambitsa nkhalamba zomwe ana awo amabwera pa Khirisimasi pokha. Koma khoma la dothi lili ndi ofesi yakeyake kukhonsolo, ndi munthu wolipidwa kuti azilidera nkhawa!

Penti adakana kumulandiranso kusitolo. Ndidatsegula kale chitini.

Lachitatu

Ndaitana mayi wa kukhonsolo woyang'anira nyumba zakale, kuti tikambirane ngati anthu ophunzira. Ndavala jekete. Ndatchulako digiri yanga kawiri.

Sakundimva n'komwe. Akusisita khoma ngati msana wa mwana wodwala. Akundifotokozera, ine, mwana wa ku Dedza, kuti khomali ndi dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe za ng'ombe. Akunena mawu oti ndowe maso akuwala.

"Khomali limapuma. Mukalipaka simenti mulitsamwitsa."

Nanga ine? Ine ndikupuma?

Ndamuonetsa pansi pa chipinda chochezera. Ndaika lalanje pakhomo, lagubuduka lokha mpaka pansi pa sofa. Ati chimenecho ndicho chikoka cha nyumbayi. Ine ndikadajambula chikoka chotere pa mayeso, aphunzitsi akadandibweza kumudzi.

Zomwe wandilola:
makatani
maluwa a m'miphika
dishi, koma kuseri kwa mpanda, pansi, pomwe munthu sangaione

Dishi yoti munthu asaione ndi ya ntchito yanji? Mayiyu adakulira kuti?

Chilolezo cha china chilichonse ndi fomu, ndipo yankho limabwera pakatha masabata. Pochoka wandiuza kuti ndine wamwayi. Ndamuperekeza mpaka pageti mwaulemu wonse, kenako ndamenya khoma ndi phazi. Dothi lagwa pang'ono. Ndalitola msangamsanga n'kulibwezera ndi malovu, ndikuyang'ana uku ndi uku. Apa ndiye pomwe ndafika.

Lachinayi

Alendo a ku America! Bambo ndi mayi, makamera pachifuwa, aima m'maluwa a mayi a Tadala. Landilodi wawatumiza osandiuza.

Nkhani yake ndi iyi: gogo wa agogo a agogo awo, kalipentala, adabadwira m'nyumba muno. Adakwera chombo, nakamanga ina yonga yomweyi kumeneko, koma yamatabwa. Andionetsa pafoni. Denga losongoka lomweli, chumuni chachikulu pakati, timawindo tomweti ta nkhunda. Nayonso ati ndi yotetezedwa. Anthu amalipira pakhomo kuti akaone bedi la munthu wakufa, ndipo wowaonetsa amavala ngati wa m'nthawi imeneyo.

Mayiyo wagwira mtanda wa pachitseko, uja umandigunda pamphumi m'mawa uliwonse, n'kuyamba kulira.

Ndawafunsa chomwe gogoyo adachokera. Ati umphawi ndi kuzizira.

Eya! Ndiye kuti mwiniwake adaithawa nyumbayi, mpaka kuwoloka nyanja. Ine ndawoloka nyanja kudzalowamo, lendi pamwamba. Pa awirife wopita kuyunivesite ndani?

Andipempha ndiwajambule. Koma kaye ndichotse yunifolomu yanga pachingwe, ikuwononga chithunzi.

Ndawadula mitu pa zithunzi zonse.

Lachisanu

Nzeru zatsopano. A Mbewe, anzanga a kutchalitchi, ali ndi nyumba ya njerwa ku Braunstone. Yonyansa bwinobwino, yamakona anayi, yofanana ndi zina zonse mumsewuwo. Nyumba yeniyeni ya ku Ulaya! Ndawapempha tisinthane kwa miyezi itatu. Iwo akumvetsa, nawonso ali ndi apongozi. Koma kumbuyo ndikumva mawu a akazi awo:

"M'nyumba ya udzu? Ndiye tidabwereranji kuno?"

Foni yaduka.

Chatsala ndi mdima. Mwezi uno dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Apongozi afike kutada, ambulera pamutu kuchokera m'galimoto mpaka pakhomo. Akalowa, tiwauze kuti kuzizira kwa kunja kumapha, azikhala pafupi ndi hita. M'kati muli siling'i, udzu suoneka.

Mayi a Tadala aseka mpaka kukhala pansi ndi yunifolomu ya kuchipatala.

"Miyezi itatu amayi anga pansi pa ambulera? Inu bambo a Tadala, digiri ija adakupatsani kapena mudatola?"

Mkazi wako yemwe! Sindidya.

Ndadya, koma mokwiya.

Loweruka

Ndege yatera m'mawa. Basi yochokera kubwalo la ndege yafika ku Leicester dzuwa lili pamutu. Dzuwa! Masabata onsewa mvula ndi chifunga, lero kumwamba kwayera ngati ku Nsanje.

Ndawazungulitsa kuti kude. Msewu wa Belgrave Road, kuti aone nyali za chikondwerero cha Amwenye cha Diwali, zomwe masana sizioneka. Sitolo za golide. Sitolo za nsalu. Belgrave Road kachiwiri, kuchokera mbali inayo. Apongozi akusinza. Mayi a Tadala andiponda phazi: kunyumba.

Tafika. Udzu ukunyezimira padzuwa ngati wadzola mafuta. Ambulera ndatambasula ndithu, apongozi aikankhira pambali.

Aima. Ayang'ana denga. Ayang'ana khoma. Mwamwambo wathu salankhula nane maso ndi maso, mawu amadzera kwa mwana wawo ngakhale ndaima pomwepo ndi masutikesi.

"Khitchini ndaiona. Nanga nyumba ili kuti?"

Ndafotokoza, kudzera kwa mayi a Tadala. Zaka mazanamazana. Chuma cha dziko. Giredi 2. Azungu a ku America amalira akaigwira. Apongozi akugwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira munthu akamamvera wodwala malungo akubwebweta.

Ndimayembekezera chipongwe. Chipongwe ndikadachipirira, ndidachizolowera. Koma iwo akanda khoma ndi chala, anunkhiza, n'kunena motsitsa mawu:

"Uwauze bambo a Tadala asachite manyazi. Tikadadziwa kuti zinthu zili chonchi, sitikadamawavutitsa ndi za feteleza."

Chisoni! Andimvera chisoni!

Polowa sanagunde mutu. Awerama bwinobwino, mwaukatswiri. Wagunda ndine.

Lamulungu

Sindipita kutchalitchi. A Mbewe afotokozera kale aliyense.

Chithunzi chili pagulu la banja la pafoni. Apongozi ajambula m'mawa, mbali yomwe udzu wamera ndere. Pansi alemba kuti tiwakumbukire m'mapemphero.

Zomwe zalonjezedwa pofika masana:
malume a mayi a Tadala a ku Balaka, malata
amayi a chigwirizano, malata enanso
alamu anga, misomali
mphwanga uja amandipempha foni mwezi uliwonse walemba kuti ndisadandaule, ayamba wadikira

Ndalemba kuti lamulo la kuno sililola kukhoma malata panyumbayi. Malume ayankha: "Boma lanji loletsa munthu malata? Akamwini, kunyada kulekeni."

Ndalembanso. Ndafufuta. Ndani angakhulupirire? Inenso Lolemba sindikadakhulupirira.

Mvula yabwerera. Padenga pali zii, ngati kwathu kale. Apongozi ali m'chipinda chochezera, akuthamangitsa lalanje lomwe lawagwa. Chitini cha penti ndachiika pakhomo, ndabzalamo maluwa. Zimenezo n'zololedwa.

Malatawo ati akawasunga ku Ntcheu mpaka ndidzabwere. Zili bwino. Nyumbayi sipita kulikonse, wodzachoka ndine.

Ndayankha pagulupo: "Zikomo kwambiri nonse. Akhale a geji 28, osati opyapyala aja."