A Palikanthu ndi Njinga za M'phiri

Malemu malume anga sankakhulupirira munthu aliyense, ndipo ndikati aliyense ndikuphatikizapo iwo eni. Akakhoma chitseko ankayenda pang'ono n'kubwerera kukachikankha, ati munthu amene wakhomayo samudziwa bwino. Ukawapatsa moni wansangala ankayankha bwinobwino, iwe ukangopotoloka iwo ulendo wokasuzumira m'khola. Ine nditawagulira nsapato zatsopano anazitembenuza, kuzinunkhiza, n'kundifunsa kuti mwini wake anamwalira ndi matenda anji. Mawu awo anali amodzi, akuti pali kanthu apa, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, dera lonse n'kumangoti a Palikanthu. Dzinalo ankalidziwa, ndipo ankati amene analiyambitsa adzamupeza.

Munda wawo unali m'tsinde mwa phiri, ndipo kanjira kokwerera phirilo kankadutsa pakati pa mitengo yawo ya mapeyala. Kwina konse kunali maphompho. Ine ndili ndi kashedi kokonzera njinga kumunsi kwa mundawo, m'mbali mwa msewu. Kale ndinkangomata machubu a anthu opita kumsika, ntchito yongopezera mchere ndi sopo. Zinthu zinasintha pamene anthu a m'tauni anatulukira kuti zitunda zathu n'zokoma kupalasamo njinga. Loweruka lililonse ankafika njinga atazimangirira pamwamba pa galimoto, ndipo pobwera kuphiriko wina tcheni chaduka, wina mabuleki atha, wina gudumu lapindika. Ana anga analowa sukulu yabwino chifukwa cha kanjira ka malume. Koma pakhonde pawo panali mpukutu wa waya waminga, ndipo sankatopa kundikumbutsa kuti tsiku lililonse akhoza kutseka.

Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti njingazo zinalibe kaliyala. Kwa malume, njinga ndi yonyamulira thumba la chimanga, mtolo wa nkhuni kapena wodwala. Tsono munthu wamkulu, wandevu zake, avale kabudula womata thupi wopanda ndi thumba lomwe, apalase mtunda wonsewo thukuta kamukamu, n'kubwerako chimanjamanja akuseka? Ankati ameneyo ngati si wamisala ndiye kuti ndi wochenjera kwambiri, ndipo amisala sakhala ndi galimoto.

Pagulu la opalasawo panali mayi wina, namwino wa pachipatala cha m'tauni, munthu wodekha. Tsiku loyamba kuonana naye, malume anamuimitsa ndi ndodo pakati pa munda.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Pamwamba, bambo."

"Kuli abale anu?"

"Ayi."

"Nanga mukukatani?"

"Tikangofika tizitsika."

Malume anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumatayala. "Mukukwera kuti mutsike. Nanga panopa simuli pansi kale?"

Mayiyo anaseka mpaka kutsamira mtengo, ndipo kusekako malume anakutenga ngati kuvomera mlandu.

Poyamba ankati anthuwo akuyeza malo kuti adzawalande. Kenako anasintha, ati akuwerenga mbuzi za anthu. Pomaliza anakhazikika pa mfundo yakuti m'phirimo muli miyala yamtengo wapatali, ndipo ikutuluka itabisidwa m'matayala, apo ayi matayala anganenepe choncho chifukwa chiyani? Kuyambira pamenepo shedi yanga inasanduka polisi. Ankakhala pa kireti pafupi ndi beseni loyesera machubu, ine ndikangochotsa tayala iwo dzanja lalowa kale m'kati. Njinga ina ankaigwedeza khutu ataligunditsa pachitsulo, mwini wake ali chiimire pomwepo. Tsiku lina anapeza munga m'tayala, anauzindikira kuti ndi wa m'munda mwawo, ndipo anati umboni wayamba kupezeka wakuti zinthu zikutuluka. Nditawadandaulira kuti akundithamangitsira makasitomala, anati nanenso andidyetsa chibanzi, n'chifukwa chake masaya ayamba kusalala.

Ataona kuti m'matayala simukupezeka kanthu, anaganiza zowagwira ali m'kati mokumba. Vuto linali lakuti wapansi sangapikisane ndi wa pa njinga. Ndiye anatenga khasu ndi chikwanje n'kuyamba kulambula tinjira tawo tachinsinsi toti aziwatsogolera n'kukabisala. Poti mawondo anali atayamba kale kuvuta, tinjirato ankatikhotetsa mokoma kuti tisakhale totsetsereka kwambiri, pamatope n'kuyala miyala, pakamtsinje n'kugoneka matabwa. Sipanapite nthawi, opalasa aja anatitulukira ndipo anatikonda kuposa njira yakale. Malume akalambula kena, Loweruka lotsatira ankangomva matayala akudutsa kumbuyo kwa chitsamba chimene abisalamo, wina n'kuwapatsa moni. Mmene chaka chinkatha phiri lonse linali ndi tinjira tokongola, ndipo anthu ankachokera kutali kudzapalasa m'njira za a Palikanthu.

Opalasawo anasonkherana n'kuwagulira chipewa cholimba chonga chawo, chothokozera. Malume anangofunsa funso limodzi, kuti anadziwa bwanji kukula kwa mutu wawo. Chipewacho anachipachika pamtengo kutali ndi nyumba kuti chisamve zokamba zawo, ndipo ataona kuti chakhala chete kwa nthawi yaitali anachipereka kwa nkhuku yoikira.

Zonsezi tinkaseka, koma chaka china mawondo aja anatupiratu, ukazitape n'kutha. Ndipamene nkhani ya waya inasiya kukhala nthabwala. M'mawa wina ndinapeza anyamata aganyu akukumba maenje a mapolo m'malire a munda, malume ali pampando akulozera ndi ndodo. Anati anthu amene sangathe kuwalondola sangawalole kudutsa. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwafunsa kuti akatseka, adzukulu awo adya chiyani.

"Undiuze chimene chili pamwambapo, mphwanga."

"Palibe chilichonse, malume."

"Tsono chinthu choti kulibe ukuchiliriranji?"

Tinamvana kuti akadzionere okha, ndipo maenje adikire kaye. Tsiku anati asankha okha, osatiuza, kuti tisakabise. Anasankhadi Loweruka lina mwadzidzidzi, anthu atangofika. Tinawakhazika pa njinga yanga yakale yakaliyala, ndodo ili pamiyendo, opalasa aja n'kusiya njinga zawo kuti azikankha mosinthana. Njira yonse malume ankayang'anitsitsa amene akupuma movutika, ati wolakwa amadziwika ndi kapumidwe.

Pamwamba anatembenuza miyala, anabaya nthaka ndi ndodo, anasuzumira m'ming'alu. Analamula namwino uja kuti akhutule chikwama, ndipo munatuluka pampu, nthochi ndi mabandeji. Kenako anafika kumapeto kwa thanthwe n'kuyang'ana pansi. Panaoneka msewu, denga la shedi yanga, mapeyala, akazi awo akuyanika zovala, ndi bafa lawo lopanda denga kuseri kwa nyumba. Malume anatitembenukira.

"Ndiye kuti zaka zonsezi mumandiona ndikusamba."

Tinalumbira tonse kuti pa mtunda wotero munthu saoneka. Iwo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza kamphindi kopumira, nati ankadziwa kuti pali kanthu, ngakhale si zonse.

Potsika anakhala pakaliyala atandigwira m'chiuno, ine ndili pachishalo, mabuleki nditawafinya mpaka zala kuuma. Njinga inkangolira ngati kamwana ka nkhumba. Titafika pa mtsetse wautali wodutsa m'mitengo ya paini, umene iwo eni analambula, ndinamva mawu kukhutu kwanga.

"Mabulekiwo ukusungira ndani?"

Ndinamasula pang'ono. Anandigunda m'nthiti, ndipo ndinamasuliratu. Mphepo inawachotsa chisoti, mitengo inkangodutsa, ndipo kumbuyo kwanga kunayamba phokoso limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Ndinkayesa atsamwa. Anali malume akuseka, kuseka kwa mwana, mpaka tinafika m'mapeyala akusekabe. Atatsika anapukuta misozi n'kunena kuti ndi fumbi. Chigamulo chawo chinali chakuti kufufuza sikunathe, ayenera kupitanso sabata yamawa. Za waya anati ayamba aganiza, chifukwa wakuba umamusiyira njira imodzi kuti uzimuona akamadutsa.

Anafufuza chilimwe chonse. Loweruka lililonse ankapezeka pa shedi m'mamawa atavala jekete, nkhope ili gwa, ngati munthu wopita kukhoti. Namwino atawachenjeza kuti msana wawo suyenera kugwedezeka chonchi, anati mayiyo akufuna kuwatalikitsa ndi umboni. Maenje a mapolo aja akazi awo anadzalamo nthochi.

Anamwalira mvula itangoyamba, atadwala masiku ochepa. Kuchipatala anakana mapiritsi mpaka dokotala atalonjeza kuti nayenso akadwala amamwa omwewo. Pamaliro opalasa anabwera ambiri, njinga atazitsamiritsa m'mapeyala, ndipo anyamata amene malume ankawatcha akuba ndi amene ananyamula bokosi. Ine ndinalira kwambiri, sindibisa. Munthu amene wakhala akukukayikira moyo wako wonse amakhala kuti wakhalanso akukuyang'anira moyo wako wonse, ndipo zimenezi ndinazizindikira ndili kumanda.

Munda unatsala m'manja mwa ana awo, asuweni anga, anthu abwino amtima woyera, okhala m'tauni, amene sanatengere bambo awo ngakhale pang'ono. Patapita miyezi kunabwera bambo wina wa galimoto yoyera, wolankhula motsitsa mawu, wopereka moni ndi manja awiri ngakhale kwa ana. Anati akufuna kugula mundawo chifukwa amakonda bata, ndipo kanjira sadzakakhudza chifukwa nayenso amakonda masewera a njinga. Ine ndinamufunsa kuti amapalasa njinga yanji, ndipo anangomwetulira. Nditafunsanso kuti munda wamiyala ngati umenewu akufuna kuchitapo chiyani, asuweni anga anaseka, ati mzimu wa bambo awo wasamukira mwa ine. Ndinachita manyazi, nkhani n'kuthera pomwepo, munda n'kugulitsidwa.

Mpanda wa njerwa unakwera mvula isanathe, wautali kuposa munthu, uli ndi geti lachitsulo ndi mlonda. Mapeyala anadulidwa. Opalasa anayesa kupempha, anauzidwa kuti bwana kulibe, ndipo pang'onopang'ono anasamukira ku mapiri ena. Namwino amandiimbirabe foni nthawi zina kufunsa ngati geti latsegulidwa. Tinjira tija tamera udzu. Ine ndabwerera ku machubu a anthu opita kumsika, ndipo mwana wanga wamng'ono ndamubweza ku sukulu yakale. Paja akulu anati wamisala anaona nkhondo.

Masiku ano kuno kuli bata lalikulu. Palibe woimitsa anthu ndi ndodo, palibe wogwedeza njinga za eni. Magalimoto akuluakulu amalowa pageti lija atakutidwa ndi malona, n'kutuluka atakutidwabe. Chimene chikuchitika kuseri kwa mpandawo palibe akudziwa, koma chondipweteka ine n'chakuti palibe akufunsa. Anthu amadutsa, kupereka moni kwa mlonda, n'kumapita.