Banda Mmodzi Basi

Lolemba
Mpikisano wa pinibolo, makina aja ogunda kampira kachitsulo, uliko Loweruka ku Lanham, kuno kutsidya kwa nyanja. Malo 16, ofuna 41. Chaka chino kalembera ndine. Ine wa ku maofesi akuluakulu a ku Foggy Bottom, wolangiza maboma kagawidwe ka zinthu, zindikanike izi? Miyezi isanu ndikuyeserera, zala zachita kutupa. Malo anga ndikuwafuna, koma mwachilungamo. Fomu ya pa intaneti: woyamba kulemba walowa. Mayi akunyumba andiyesera ngati ikugwira. Ikugwira! Ndalembapo langa.

Lachiwiri
Fomu yadzaza m'mphindi zitatu. A Mwale a ku Zambia, oyendetsa galimoto ya kazembe, pa foni: "Mudala, nenze pa stiyaring'i, iyi ndiye feya?" Chonyansa n'chakuti akunena zoona. Ena akusungirana malo ngati pamzere wa kuchigayo. Chabwino, aliyense alembe, tichita maere.

Lachitatu
Anthu 41, mayina 93! Munthu mmodzi:
Yohane Phiri
Y. Phiri
Bambo a Tadala
Angozo
Mkulu wa mpingo ameneyu! Akuti, "Onsewo ndi anga, ndanama pati?"

Lachinayi
Maere, m'chipewa changa, onse akuonera pa foni. Kapepala koyamba: "A Banda." Anthu asanu ndi awiri akuwa nthawi imodzi. Wachisanu ndi chiwiriyo ndine. Manyazi! Maere afera pomwepo.

Lachisanu
Lamulo lomaliza: dzina la banja limodzi, malo amodzi, a amene analemba koyamba. Phiri mmodzi, Banda mmodzi. Mayina atsala 16 ndendende. Mutu uwu! Ndalengeza pagulu: PALIBE APILO. A Banda enawo alire, ine ndinalemba Lolemba iwo akadali m'sitima ya Metro.

Loweruka
Ndikuwerenga mayina pakhomo, mokweza. Banda woyamba: mayi akunyumba. Kuyesera kuja! Anditsogolera ndi mphindi ziwiri. Ndikuwanong'oneza kuti, amayi, tikambirane. Akuti, "Mwati palibe apilo. Tagwirani chikwamachi." Munthu sanawakhudzepo makinawa, akumenya mabatani ngati akupha udzudzu. A Mwale atuluka mumpikisano. Angozo atuluka, ndi mayina awo onse. Ine chiimire, chikwama kukhwapa, mtima ukuwawa.

Lamulungu
Kachikho ka mayi ka nambala 3 kali pamwamba pa firiji. Gulu likuti kalembera wosakondera chonchi silinamuonepo, ndikhale ndine mpaka kalekale. Zala zaphwa. Mayi akufunsa kuti fomu ya chaka chamawa ituluka liti, adzandiyeserenso.