Mandimu Obayidwa Misomali

Mpaka lero ndikamadutsa pasukulu ya mwana wanga ndimayenda mothamanga, nditafunda chitenje kumutu ngati kukugwa mvula. Ambuye anandikhululukira, sindikayika, koma ana a Sitandade 7 kuno ku Mwadzama sakhululuka msanga.

Tsiku limenelo ndinkayanika chinangwa pathandala kuseri kwa khitchini, pomwe ndinamva mwana wanga Tiyamike akunong'onezana ndi mnzake Asiyatu.

"Ukamabaya msomali usaboole mpaka kuseri," anatero Asiyatu. "Mphamvu sibwera."

"Anayi akwana?"

"Aphunzitsi ati akwana. Koma ati tisauze munthu, ena angatibere."

Ndinangoti kakasi, chinangwa chili m'manja. Ine mphamvu ndimadziwa ziwiri zokha: ya Mulungu, ndi inayo yosatchula. Aphunzitsi akewonso anali achilendo, angobwera chaka chomwecho, ndipo ndinali nditamva kale kuti amatuma ana kukatola mabatire akutha ndi timawaya. Munthu wamkulu, wovala tayi, mabatire akutha akachite nawo chiyani?

Mwanayo sindinamufunse (tonse timadziwa kuti mwana wophunzitsidwa zausiku savomera). M'mawa atangopita kusukulu, ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi lake. Kunali kakatoni. M'katimo munali mandimu anayi, lililonse lobayidwa msomali mbali ina, mbali inayo kawaya kofiira, onse omangirirana ngati mbuzi zopita kumsika. Kumapeto kwa waya kunali kagalasi konga diso la usipa, kakundiyang'ana.

Ndinathamangira kwa mai Nabanda, apampando a gulu lathu la amayi kutchalitchi. Anabwera ndi buku la nyimbo kukhwapa, nayang'ana kakatoniko ali chataliko.

"Anakubala, pakhomo pano muli angati?"

"Anayi, amayi. Ine, bambo ake, Tiyamike ndi mlongo wake."

"Nanga mandimuwo ndi angati?"

Tinaimba nyimbo ziwiri, mai Nabanda anapemphera mpaka nkhuku zinabalalika, kenaka tinanyamula kakatoniko ndi timitengo kuti tisakakhudze, n'kukakhuthulira m'chimbudzi. Ndinawathokoza ndi misozi, ndinawapatsanso mbale ya mtedza.

Tiyamike pobwera masana analowa kuchipinda, natulukanso nthawi yomweyo.

"Amayi, batire langa lili kuti?"

"Batire lanji, mwana wanga?"

"La mandimu. Mawa kuli chionetsero cha sayansi. Gulu lathu lonse likudalira limenelo."

Ndinamukhazika pamphasa n'kumuuza mofatsa kuti asaope, magazi a Yesu amupulumutsa. Koma iye anafotokoza, misozi ili chuchuchu, kuti madzi owawasa a ndimu akakumana ndi msomali ndi waya wa kopa amatulutsa magetsi pang'ono, ndipo m'buku mwawo magetsiwo amawatcha mphamvu. Diso la usipa lija linali kababu ka aphunzitsi, komwe anakagula okha ku Dwangwa n'kubwereketsa gulu lawo. Kena kunalibe. Gulu losaonetsa kanthu likanapeza ziro, ndipo anzake akanadziwa kuti wawagwetsa ndi Tiyamike.

"Mwakasiya kuti kababuko, amayi?"

Ndinangoyang'ana kuchimbudzi. Mwana analira ngati pamaliro.

Ndinavala chitenje chabwino n'kupita kwa aphunzitsi aja. Ndinawapeza akukonza matebulo a chionetsero. Ndinagwada n'kunena zonse (za mabatire akutha zokha ndinabisa). Sanaseke, Mulungu awadalitse, koma anatembenukira kubolodi n'kuyamba kufufuta pamalo posalembedwa, mapewa akugwedezeka.

"Mayi, kunyumba muli ndi tochi ya timababu tating'ono?"

Ndinali nayo imodzi yokha, yomwe ndimaunikira popita kumapemphero a m'mamawa. Anaiphwasula pamaso panga ndi mpeni. Misomali tinazula pachitseko cha khola, waya anapereka bambo ake a Asiyatu amene amakonza mainjini a maboti. Mandimu m'mudzi monse ali pamtengo umodzi wokha, wa mai Nabanda. Ndinapita ndekha. Mandimu anandipatsa, koma mtedza sanabweze.

Mawa lake makolo tinadzaza kalasi. Gulu lina linkasefa madzi amatope ndi mchenga ndi makala, lina linkaphulitsa chibaluni ndi soda. Itafika nthawi yawo, Tiyamike analumikiza mawaya. Kababu sikanayake. Ine ndinayamba kupemphera chamumtima, osadziwa ngati n'zololedwa kupempherera zoterezi. Asiyatu anatembenuza timiyendo ta kababu, naphimba ndi chikhatho, ndipo kanati ng'anii, pang'ono chabe ngati chiphaniphani. Anthu anawomba m'manja. Mwana wanga anafotokoza zonse mu Chingerezi osadodoma, ndipo ndinalira poyera, kuthokoza Mulungu amene amaphunzitsa ana athu zomwe ife sitinazione.

Mnyamata wina kumbuyo anafunsa mokweza ngati mandimu amenewa apemphereredwa kale. Kalasi yonse inagwa ndi phwete, ahedi omwe.

Mai Nabanda anali pambali panga, milomo ili yotseka. Anandikodola n'kunong'ona: "Zonsezo ndamva, anakubala. Komabe ndimu kuyatsa nyale, inu mukuona kuti zili bwinobwino?"

Gulu la Tiyamike linakhoza bwino, ndipo popita kunyumba ndinamunyamulira ndekha kakatoni kake, monyadira, mudzi wonse ukuona. Koma titafika ndinamuuza kuti mandimuwo akagone kukhola.