Chala cha Apongozi pa Kalata ya Mabomba

Lolemba

Lero ndayamba. Dziko likadzatha, asadzanene kuti wokonza mawailesi wa pa Namadzi anangokhala duu ngati chitsa.

Vuto la ntchito yangayi n'lakuti wailesi ukaikonza uyenera kuiyesa, ndipo ukaiyesa umamva zinthu. Telala wa pakhonde la sitolo pano amamva nyimbo basi. Ine ndimapotokola mpaka masiteshoni akunja aja olira ngati mafuta ali pamoto. Ndi kumene ndinamva, nthawi yokolola ija, kuti mayiko awiri oyandikana kutsidya kwa nyanja aphulitsa mabomba a nyukiliya pansi pa nthaka. Ati kuyesa chabe. Kuyesa! Ngati batire. Chimvereni zimenezo mtima wanga suli m'malo.

Zimene ndikudziwa za bombali:
1. Limodzi lokha, Limbe yense phulusa.
2. Wopulumuka moto amafa pang'onopang'ono, tsitsi kusosoka, magazi kuwonongeka.
3. Akaponyerana ambiri, utsi utseka dzuwa. Popanda dzuwa palibe chimanga, ngakhale kuno ku Chiradzulu kumene sitinatukwane munthu.
4. Mphepo ilibe pasipoti.

Nzeru yanga: kalata yopita kwa akuluakulu a mayiko onse kuti aphwasule mabombawo. Si paja masiku ano a matipate akuti aliyense ali ndi ufulu wolankhula? Ndagula kope. Ndabwereka kabokosi ka inki yodindira chala. Mayina mazana asanu pofika Lamulungu. Adiresi ndikafunsa ku positi.

Pamsika lero: mayina awiri. Langa, ndi la telala, yemwe wasaina kuti ndimusiye asoke. Mayi wa tomato: "Bola lisagwe tsiku la msika."

Kunyumba, akazi anga make Fidesi: "Denga likudontha chaka chachitatu, inu muli pa dzuwa."

Anthu a pamsika ndi ouma mitima. Mawa ndiyesa kumudzi.

Lachiwiri

Zodabwitsa! Mayina makumi asanu ndi limodzi kudza anayi!

Ndangotulutsa kampando, kope ndi inki pansi pa mtengo wa mango. Ndisanatsokomole n'komwe, anthu mzere mpaka ku chitsime. Ndikufotokoza za utsi ndi dzuwa. Ndikuti, "Tidinde kuti chimanga chathu chisafe." Onse: "Eya, chimanga, chimanga!" Ndani ankati anthu akumudzi samva za sayansi?

Ndiye chachikulu: apongozi, amayi a make Fidesi, abwera okha, ndi ndodo yawo. Ine pamudzi pano ndine mkamwini zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sindinaonanepo nawo maso ndi maso kapena kulankhulana nawo mawu amodzi. Tikakumana panjira, ine kutchire uku, iwo kutchire uko. Ndi ulemu wake. Choncho ndathawira kuseri kwa khitchini, make Fidesi n'kuwagwira chala, n'kudinda.

Ndili kuseriko ndamva ndi makutu angawa: "Kodi mkamwini ujatu ndi munthu eti? Ine ndimayesa amangodziwa kuliza zitsulo."

Ndi munthu! Ine! Misozi lengelenge.

Dzuwa litapendeka, alamu anga, mchimwene wa make Fidesi, andipeza ndikuwerenga mayina: "Alamu, mwagwira ntchito. Nanga feteleza wake afika liti?"

Feteleza wanji?

Mayo ine. Kuno munthu akakhala pansi pa mtengo ndi kope ndi inki, n'kumalemba mayina, ndiye kuti kukubwera chithandizo. Sipanakhalepo kope lina. Ndipo mphekesera yafala kale kuti boma ligawa timatumba taulere ta feteleza ndi mbewu. Kalembera weniweni ali Lachisanu, kusukulu, ndi alangizi a zaulimi. Tsiku limodzi lokha.

Apongozi ndi amasiye, akulera adzukulu atatu a malemu mwana wawo. Munda wawo unatopa kalekale, popanda feteleza umabala tizisononkho ngati zala. Akapanda kupita Lachisanu poganiza kuti ndawalemba kale, njala ya nyumba imeneyo idzakhala ndi dzina langa.

Lachitatu

Ndiyenera kuwatumizira uthenga apongozi. Lero lomwe.

Zifukwa zotumizira lero:
1. N'zoona.
2. Lachisanu ndi mkuja.

Zifukwa zodikira pang'ono:
1. M'mawa uno atumiza mbale ya nandolo wowiritsa, yovundikira bwinobwino, ati "ya bambo a kope."
2. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinalawepo nandolo wawo.
3. Ndadya kale.

Sindinapite ku Namadzi. Mawailesi atatu a eni ake ali chiphwasulire. Pansi pa mango anthu achuluka kuposa dzulo, ena achokera mbali ya ku Njuli pa njinga. Ndaimirira pa kampando: "Abale, si za feteleza izi! Ndi za mabomba!" Kuseka. Bambo wina wa ku Njuli: "Akuluakulu amatero, kubisa kuti tisachuluke." Mayi wina: "Lembani ndi mwamuna wanga, ali ku Joni koma munda wake ulipo."

Ndajambula pachikuto cha kope utsi wa bomba, uja umakwera kumwamba n'kutambasuka ngati ambulera. Ndikuwaonetsa mmodzimmodzi. Agogo ena ayang'anitsitsa, n'kuuza anzawo kuti chimenecho ndi chizindikiro cha bungwe lake.

Ndatseka kope. Alitsegula okha. Wina wadinda zala ziwiri, chinacho ati n'cha mbuzi zake, kaya akuseka kaya ali serious sindikudziwa, nkhope inali youma gwa.

Mayina zana limodzi ndi makumi anayi. Omvetsa za bomba: ine.

Wailesi masana ano ikuti akuluakulu akumana, akambirana, agwirizana zodzakumananso. Anthu amenewa amadya chiyani kuti asamachite mantha?

Uthenga wa apongozi: mawa m'mawa, ndithu ndithu.

Lachinayi

Ndatuma make Fidesi. Poyamba andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kubwereranso kumutu. "Nandolo mwadya, mbale yake mukufuna ndikabweze ine ndi manyazi anu."

Apita. Abwera. Yankho la apongozi: "Mwana iwe unayamba kale nsanje. Mwamuna wako akachita chabwino chimodzi, iwe ufuna uchikwirire."

Ndatuma alamu. Kulakwa kwanga. Alamu sanganene ngakhale za maliro osaseka. Yankho: "Iwe bodza unayamba uli kumsana. Choka."

Ndalemba kakalata kuti mdzukulu wamkulu, Esinati, akawawerengere. Ndayamba bwino, koma dzanja langa silimva: ndime zitatu za utsi ndi dzuwa, za feteleza mzere umodzi kumapeto. Esinati akuti agogo agona tulo pa ndime yachiwiri, podzuka n'kunena kuti, "Mwaona kuphunzira kwake?"

Kwina zinthu zikuyenda. Alamu alengeza pa bawo kuti kope langa ndi la mabomba, ndipo pa bawo anthu amakhulupirira. Mudzi wonse tsopano ukudziwa kuti mawa n'kusukulu. Pansi pa mango palibe munthu, nkhuku zokha. Wodutsa panjira sakundipatsa moni.

Watsala munthu mmodzi yekha m'dziko muno wondikhulupirira, ndipo ndi yemweyo amene sayenera kutero.

Ndimafuna kulembera atsogoleri a mayiko onse. Ndikulephera kufikitsa mawu asanu kuseri kwa mpanda wa udzu.

Lachisanu

Mamawa. Make Fidesi apita kusukulu kukalembetsa nyumba yathu. Adzera kwa amayi awo kukawatenga. Apongozi akana. Ati akusenda chinangwa.

Naini koloko. Ndavala jekete. Ndapita ndekha.

Kulowa pabwalo pawo sindingathe. Kuwaitana sindingathe. Ndaima pa mpanda, pafupi ndi mbuzi yomangirira pachikhomo, n'kuyamba kulankhula ndi mbuziyo mokweza: "Iwe mbuzi! Kope lija si la feteleza! Kalembera ali kusukulu lero, atseka folo koloko!"

Mbuzi ikutafuna.

Apongozi andiona. Chinangwa pansi, chitenje kumutu, liwiro la m'nyumba, chitseko pha! Munthu wa ndodo ameneyo!

Ndabwereza kwa mbuzi katatu. Akazi a pachitsime asiya kutunga.

Kenaka mawu m'nyumbamo, akulankhula ndi mdzukulu: "Esinati, auze bambo akowo kuti ndamva. Ndi odzichepetsa, safuna kutamandidwa. Koma ine ndadinda kale. Kudinda kawiri n'kuba, ndipo ine ndine mayi wa mumpingo. Sindikadya thumba la mnzanga."

"Iwe mbuzi, sikuba!"

"Esinati, auze apite, dzuwa lingawawambe."

Ndapalasa njinga mpaka kusukulu. Mzere wautali, ndipo aliyense mumzeremo ali ndi inki yanga kuchala. Maso onse pa ine. Ndadikira maola atatu. Alangizi, munthu waulemu ndithu, andimvetsera mpaka kumapeto, ngakhale za dzuwa zomwe. Akuti pepani bambo, mwini munda abwere yekha, tikalola mmodzi kulembetsa mnzake mawa tilemba ndi akufa omwe. Sakulakwa.

Ndabwerera. Tcheni chaduka pa mlatho. Ndakankha. Mbuzi ndaipeza, apongozi ayi: apita kumunda wakutsidya, kukayamba kugalauza.

Folo koloko yakwana ndili chiimire pa mpanda. Ndikumva chisoni chimene sindinachimvepo, ndiponso ndikununkha mbuzi.

Loweruka

Abwera. Onse. Ndimayesa adzandimenya, koma ayi, n'zoposa pamenepo: amvetsa!

Usiku wonse wa dzulo mudzi wakhala ukukambirana za bomba, ndipo lero aliyense ndi katswiri. Akudziwa za phulusa, za tsitsi, za utsi. Zimene ndakhala ndikulira sabata yonse. Ndiye bambo wa ku Njuli uja: "Tsono kalatayi ikafika kwa eni mabombawo, ndi mayina athu ndi mudzi wathu, simukuona kuti mwawapatsa adiresi?"

Nthawi yomweyo chiphokoso.

"Ndibwezereni chala changa!"

"Changanso, ndi cha bambo a ku Joni!"

Ndayesa kunena kuti anthu amenewo sadziwa n'komwe kuti kuli Chiradzulu. Mayi wina: "Ndiye asadziwe choncho!" Mwina akunena zoona.

Zida za lero:
lezala imodzi
thabwa lodulirapo
kope la mtendere wa dziko lonse

Ndikudula kamzere kamzere, dzina ndi chala chake, aliyense kulandira kake. Ena akutafuna pomwepo. Ena akumanga pa mfundo ya chitenje. Wa mbuzi uja watenga ziwiri zake. Telala watumiza mawu kudzera kwa kondakitala wa minibasi kuti lake ndiliwotche, ndipo eni mawailesi akundifuna.

Alamu akhala pamwala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akuseka mpaka kutsokomola. Pochoka: "Alamu, mwaphwasula ndithu. Kope lokha."

Make Fidesi sanaseke. Asesa tizidutswa ta mapepala, andipatsa madzi akumwa. Bola akanandikalipira.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki wa za mtendere. Anthu atatu atembenuka kundiyang'ana.

Kope latsala ngati chipeso. Mayina awiri: langa pamwamba, ndi chala chimodzi chopindika patsamba lachitatu. Apongozi sanatume munthu kudzatenga chawo. Auza Esinati kuti anthu a pamudzi pano alibe chikhulupiriro, adzachita manyazi thumba likadzafika. Munda wakutsidya awonjezera mizere khumi, mpaka kumalire. Ati chaka chino ana adya.

Kalata ya mayina awiri sindingatumize. Adiresi sindinafunse n'komwe. Mabomba ali pomwe anali Lolemba, onse, osachotsapo ndi limodzi, ndipo ine ndikuwaopabe chimodzimodzi.

Titaweruka, make Fidesi andikhazika pakhonde. Mlandu aweruza okha, mwachidule. Kathumba ka nyumba yathu kakadzabwera, sikalowa m'nyumba muno. Adzakasenza iwo mpaka kwa amayi awo, n'kunena kuti kachokera ku kope lija. Ine ndisadzatsutse, kaya kwa munthu kaya kwa mbuzi.

Ndafunsa kuti nanga munda wathu? Ati munda wathu udya manyowa, ndipo wotuta manyowawo m'makola a anthu, ndi wilibala, mudzi wonse ukuona, akumudziwa.

Ndavomera. Ndinganenenji?

Posachedwapa Esinati wabwera ndi nkhuku yoyera, yomanga miyendo. Wagwada patali. Akuti agogo akuti zikomo, ndipo akufunsa ngati chaka chamawa ndidzawalembenso.

Ndamuuza kuti ndidzawalemba.